Madamu Mhango ndi Kalata ya Yotamu

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi Uliwa. Kwathu kunali ku Wovwe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga ya bambo, matope a m'minda ya mpunga akundithimbiritsa siketi. Kunena zoona, si maphunziro omwe ankandipatsa mphamvu zopalasa. Anali Yotamu, goloboyi wa timu ya sukulu, yemwe ankandigulira mandasi ndi kundilonjeza kuti akadzakhala woyendetsa ndege adzanditengera ku Tanzania.

Lachitatu lina ndinapeza kalata m'kope langa. Yotamu anali atalemba m'Chingerezi chokakamiza kuti zathu zathera pomwepo, wapeza wina wa ku Sangilo. Ndinawerenga kawiri, m'makutu mukulira ngati mwalowa madzi. Ndinathawira kuseri kwa kalasi, pansi pa mtengo wa mango, n'kulira mpaka mamina.

Kumeneko anandipeza Madamu Mhango, mphunzitsi wathu wa Chingerezi, mayi wamfupi wa mawu okhuthala, yemwe ngakhale anyamata andevu ankawaopa. Zibwenzi zinali zoletsedwa. Wogwidwa ankakumba dzenje ndi kukaitana makolo. Madamu atatambasula dzanja, ndinawapatsa kalatayo.

Anakhala pa muzu pambali panga n'kuwerenga mpaka kumapeto. Sanaseke, sanakalipe. Anandifunsa m'Chitumbuka ngati ndinali nditadya kanthu. Kenako anati, “Tiwonge, zimapweteka, ndipo munthu asakunamize kuti ndi zachibwana. Lira ndithu. Koma mawa ndikupeze pa desiki yako.”

Mawa lake sindinapite, ndipo masiku anatsatana. Amayi ndinkawanamiza kuti mutu ukundiwawa, koma mumtima ndinali nditatsimikiza kusiya sukulu. Ndinkati bola ndipite kwa azakhali ku Songwe ndikagulitse zitenje kusiyana ndi kumamuona Yotamu tsiku ndi tsiku.

Loweruka la sabata yachiwiri tikuwokera mpunga, ndinaona Madamu akubwera m'malire a minda, nsapato zili kumanja. Ndinadziwa kuti chinsinsi chatha. Koma iwo anangouza amayi kuti ali ndi mwana wanzeru amene akusowa m'kalasi. Atatero anamanga chitenje, kulowa m'matope ofunda aja, n'kuyamba kuwokera nafe, mizere yawo yokhotakhota moti amayi ankabisa kuseka. Amayi atapita kukazula mbande zina, Madamu anandinong'oneza kuti nawonso anasiyidwapo ali ku koleji, ndipo anatha mwezi akudya ngati mbalame. Nditawaululira zoti ndikufuna kusiya sukulu n'kupita kwa azakhali, anati chisoni chikanakwera nane basi ya ku Songwe, pomwe sukulu ikanatsala.

Lolemba ndinabwerera. Madamu anandichotsa pa windo loyang'ana kubwalo la mpira, anandilowetsa m'gulu la mtsutso, ndipo Lachisanu lililonse ankandiitana kukawathandiza kunyamula makope, n'kumandifunsa m'njira momwe mtima unalili. Masiku ena ndinkayankha, ena ndinkangolira, iwo n'kumayenda pang'onopang'ono kuti ndimalize.

Patatha mwezi anandibwezera kalata ija. Anali ataichonga ndi cholembera chofiira, mzere uliwonse, ndipo pansi analemba kuti mwini wake alembenso. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Ankadziwa kuti akanachita zimenezi tsiku loyamba lija, ndikanawada moyo wanga wonse.

Lero ana sasiyananso pa kalata. Amangotsekerana pafoni, ndipo pofika madzulo kalasi yonse yaona zithunzi za wolowa m'malo. Sukulu zina akuti zili ndi aphunzitsi olangiza, zomwe ife sitinazidziwe. Koma ife akuluakulu sitinasinthe kwenikweni: timafulumira kuseka kapena kukalipa. Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu maso atatupa. Mawu okalipa anafika pakhosi. Ndinawameza, ndinazimitsa wailesi, n'kumuuza kuti ndikumvetsera.