Ndinadetsa dzina la amalume pa wailesi ya dziko lonse lapansi

Inu owerenga, chimene ndinachita chinali chaching'ono kwambiri. Ndinakanikiza batani ndi chala, osayankhula kanthu. Koma chala chimenecho chinachotsera ulemu munthu amene anandisunga ngati mwana wake, ndipo ndalemba izi kuti wina asadzachite ngati ine.

Ndinakulira kumudzi ku Katete. Nditalephera kupitiriza sukulu, amalume anga a Tembo ananditenga kuti ndikakhale nawo mumzinda, ku komboni ya Matero. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina ya boma, ndipo itagulitsidwa anawachotsa pamodzi ndi anzawo. Anatsegula kashopu kokonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi msika. Ine ndinkasesa, kumatira mawaya ndi kulandira makasitomala. Ndinkayesetsa kuti asandipeze ndi cholakwa chilichonse.

Chimene amalume ankachikonda koposa ndi wailesi yoyankhulirana ndi anthu akutali. Anali ndi layisensi, ndiponso dzina lawo la pa wailesi, la zilembo ndi nambala. Intaneti itafika, analumikiza wailesi yawo ku tchanelo imodzi imene anthu a m'mayiko ambiri amakumanapo. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, iwo ndiwo ankatsogolera nthawi ya anthu a mu Africa, kuitana mayina mmodzimmodzi kuti aliyense apereke moni. Ankakhala pampando asanavule jekete. Ntchito inali itawathera, koma pa ola limenelo anali munthu wodziwika mpaka kutsidya kwa nyanja.

Pa tchanelo imeneyo amayankhula munthu mmodzi pa nthawi. Amene wayamba kukanikiza batani ndiye watenga njira, ena onse amadikira. N'chifukwa chake pali mwambo umene amalume ankandibwerezera kawirikawiri. Uyambe wamvetsera. Utchule dzina lako. Ukhale wachidule, ndipo ngati nkhani yatalika mupite ku tchanelo ina. Koposa zonse, mnzako akamaliza usamuyankhe pomwepo. Upume katatu, kuti ngati pali wina kwinakwake amene akufuna kulowa apeze mpata.

Ine ndinkaphunzira kuti ndidzalembe mayeso a layisensi. Koma sindinali ndekha. Panali Mutale, mnyamata wa ku komboni ya Chaisa amene makolo ake anachokera kumigodi, yemwe ankabwera kudzaphunzira kwa amalume. Tinali a msinkhu umodzi, koma Chizungu chake chinkangoyenda, pamene changa chinali chodukaduka. Iye anakhoza mayeso ulendo woyamba, ine ndinalephera. Amalume anamukonzera wailesi yakale kuti azigwiritsa ntchito kwawo, ndipo posakhalitsa anthu akutali anayamba kumufunsa ndi dzina. Tsiku lina amalume anauza kasitomala, ine ndili pomwepo ndi tsache, kuti, "Uyu Mutale ni mwana wanga pa vinthu ivi." Ndinaseka nawo, koma nsanje inandilowa tsiku limenelo.

Loweruka lina amalume anapita kumaliro ku komboni ya George, nandisiya ndekha m'shopu. Pa shelefu pankakhala kawailesi kawo ka m'manja, kamene galasi lake loonetsa zolemba linafa kalekale. Ankandilola kumvetsera basi. Masana ndinamva bambo wina wa ku Canada akuyankhula ndi Mutale, akumuyamika kuti ndi wachinyamata waulemu. Bamboyo anamufunsa funso, n'kusiya batani. Mutale anachita monga tinaphunzitsidwira, anadikira. Mu mpata umenewo ine ndinakanikiza batani langa n'kugwiritsa, osatulutsa mawu.

Nditasiya, ndinamva bamboyo akubwereza funso lake. Mutale anadikiranso, ine ndinalowanso. Ndinatero kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mpaka bamboyo anatsanzika. Anthu ena amene ankadikira kuti aitane anzawo nawonso analephera. Sindikubisirani, ndinamva kukoma. Ndinkati munthu amene sanayankhule palibe angamudziwe.

Inu owerenga, apa ndi pamene umbuli wanga unandigwetsa. Wailesi za mtundu umenewu zimatumiza zokha dzina la mwini wake nthawi iliyonse ukakanikiza, ngakhale utakhala chete. Kunyumba ndinkaona mayina akutuluka pa kompyuta ya amalume, koma ndinkaganiza kuti eni ake amachita kulemba. Sindinafunsepo, chifukwa ndinkaopa kuoneka wakumudzi pamaso pa Mutale. Choncho masana onse aja, kuyambira ku Chaisa mpaka ku Canada, anthu ankaona dzina la amalume likutsekera mnyamata njira.

Mawa lake titabwera kutchalitchi, amalume anakhala pampando wawo n'kuyatsa zonse, koma tchanelo inawakana. Anayesa kangapo. Kenako anapeza uthenga wochokera kwa oyang'anira tchanelo, wonena kuti dzina lawo latsekedwa kwa kanthawi chifukwa chosokoneza ena mwadala. Ali mkati mowerenga, Mutale anagogoda. Anali atayenda pansi kuchokera ku Chaisa. Anati, "Ba Tembo, wailesi yanu siili bwino, batani igwira yeka. Dzulo inanivuta maningi." Sanaganizepo n'komwe kuti ndi munthu anachita.

Amalume anatenga kawailesi kaja, kamene ankabwera nako kunyumba tikatseka shopu, nakanikiza batani kawiri katatu. Linali bwinobwino. Anandiyang'ana. Ndinagwada pansi n'kunena zonse, Mutale ali pomwepo. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndilongedze katundu ndibwerere ku Katete. Iwo anangofunsa kuti, "Anakulakwira chani mnzako?" 

Mutale anawapempha kuti alembere oyang'anirawo kuti amene anachita zimenezo anali mwana wosadziwa. Amalume anakana. Anati wailesi ndi yawo, dzina ndi lawo, ndipo anaisiya okha m'manja mwa munthu wopanda layisensi. Oyang'anira atawatsegulira, amalume anadikira mpata ngati wina aliyense, natchula dzina lawo, napepesa kwa Mutale, kwa bambo wa ku Canada ndi kwa onse amene anatsekeredwa tsiku lija. Dzina langa sanalitchule. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwawo, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Utsogoleri wa Lamlungu sunabwerere kwa iwo. Pa masabata amene anatsekedwa, oyang'anira anaupereka kwa munthu wa dziko lina, ndipo amalume sanaupemphenso. Ankakhalabe pampando uja atavala jekete, koma tsopano ankangodikira kuti aitanidwe, apereke moni wa mawu ochepa, n'kuzimitsa. Sanandithamangitse, ndipo sanaitchulenso nkhaniyi. Mutale anapitiriza kundipatsa moni, mpaka anandibwereka mabuku ake. Patapita nthawi ndinakhoza mayeso, koma tsiku limene ndinawasonyeza layisensi yanga anangoti zili bwino, n'kupitiriza kukonza TV.

Inu amene mwayamba kumene kulowa pa tchanelo zoterezi, mpata umene mnzanu wasiya si wanu woti muchite nawo zimene mukufuna. Wausiyira munthu amene ali ndi mawu. Chimene simukuchidziwa funsani, ngakhale akusekeni. Ndipo mnzanu akamayamikiridwa mtima n'kuyamba kukuwawani, chotsani chala pa batani, muikenso wailesi pa shelefu. Ine ndinkafuna kuti Mutale achite manyazi kwa mphindi zochepa. Amene analipira ndi amalume anga, ndipo analipira Lamlungu lililonse mpaka pamene anakalamba.