Diresi la Mfumukazi ndi Mono wa a Jafeti

Ababa anga anali a Gerishomo Namakhwa, telala wa pa Kachulu. Amene ankabwera padoko kudzagula matemba zaka zimenezo akuwakumbukira: munthu wamtali wowonda, wokhala pakhonde la golosale ya a Makisoni, mapini atatu kukamwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Tepiyo inali yongokongoletsa. Munthu ankangomuyang'ana kamodzi n'kudziwa chiuno chake, ndipo sankaphonya.

Koma ntchito imene ankasoka, abale, inali yomvetsa chisoni. Zigamba za makabudula a asodzi, zigamba pamwamba pa zigamba zinzake, mayunifomu a ana a sukulu, ndi nsalu za chipani zoti amayi akavale kokavina. Zaka makumi awiri ndi zisanu akupalasa makina pa zinthu zokhazokhazo.

Amayi anga, a Elenala, anakwatiwa atavala diresi lobwereka, lalikulu m'mapewa, lomangidwa ndi mapini kumsana. Nthawi imeneyo ababa anali asanagule makina. Anawalonjeza kuti adzawasokera lawolawo, loti akalowe nalo m'tchalitchi pa Khirisimasi mpingo wonse n'kutembenuka. Kenako nyanja inaphwa mu 1968, asodzi anabalalika, ntchito inasowa, ndipo amayi anamwalira ine ndili ndi zaka ziwiri. Nkhani ya lonjezoli ababa sanandiuze okha. Ndinaimva kwa ang'ono awo, a Jafeti, amene ankaluka mono, misampha ija ya nsungwi yogwirira nsomba.

Chaka cha 1989, ine Malita ndili pa chitomero ndi Medson, kalaliki wa ku Zomba, Yusufu wogulitsa matemba ku Limbe anabwera ndi vidiyo ndi kajenereta kake. Anatseka mawindo a nyumba yosungira nsomba ndi ziguduli kuti m'kati mude masana. Matepi anali nawo anayi. Atatu anali a karate, ndipo yachinayi anangomupatsa ya basela kumene anagula. Imeneyo inali filimu ya mfumu ndi mfumukazi ya ku Falansa ya kalekale.

Chizungu chake palibe ankachimva bwino kupatula aphunzitsi a Dunstan, koma zimenezo sizinaletse munthu kukhala ndi maganizo. Asodzi anaida mfumuyo tsiku loyamba lomwe. Mwamuna wotani wovala tsitsi loyera lofika m'mapewa, masokosi mpaka m'mawondo, nsapato zachikazi? Wina anati akanabwera pa Kachulu ndi tsitsi limenelo akanametedwa asanatsike galimoto, pakuti masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali sankayenda mtunda wautali. Mayi Fatuma, oyanika matemba, anakwiya ndi mfumukazi. "Chimkazi chachikulu chonchi chikuvekedwa malaya ndi anthu asanu ndi mmodzi? Manja anaduka? Tsiku lonse kudya makeke ndi kusewera ndi agalu. Ndimupatse thandala limodzi la matemba aone." Koma mawa lake Mayi Fatuma omwewo anali pa benchi la kutsogolo.

Aphunzitsi a Dunstan ankati filimu yonseyo ndi yabodza. Nyimbo zake zinali za magitala a magetsi, pomwe nthawi ya mafumu amenewo kunalibe ndi magetsi omwe, ndipo mitundu ya zovala inali yowala mopitirira muyeso ngati maswiti. A Makisoni ankawayankha kuti, "Aphunzitsi, munaliko?" Mkangano umenewo unatha mwezi.

Chimodzi chokha palibe ankachitchula. Filimu ikamayandikira kumapeto, chikhamu cha anthu anjala chinkaoneka chikupita ku nyumba ya mfumu ndi zisonga m'manja. Zikafika pamenepo Yusufu ankadzuka msangamsanga n'kuzimitsa, amvekere, "Mafuta atha." Tonse tinkadziwa kuti jenereta ikulira bwinobwino panja. Tinkatuluka mwakachetechete, aliyense osayang'ana mnzake. Mathero ake sitinawaone.

Ababa analowa kukaonera filimuyo kasanu ndi kawiri, munthu woti ngakhale ku mpira sankapita. Za mfumu, za agalu, za magitala, iwo analibe nazo ntchito. Ankakhala pafupi ndi galasi la vidiyo, pepala la simenti lili pabondo, n'kumajambula mumdima. Chinawasowetsa tulo chinali diresi la mfumukazi: lothina m'chiuno, kenako n'kutambasuka mbali zonse ziwiri osagwa, moti iye akamayenda linkayandama. Ankandifunsa tikudya, "Iwe Malita, nsalu payokha singaime choncho. M'katimo muli chiyani?"

Tsiku lina Yusufu anaiwala kudumphitsa pamene mfumukazi ankaiveka m'mawa, pamene nthawi zonse ankapathamangitsa poopa kuti anenedwa kuti akuonetsa zolaula. Akazi omuveka aja anabweretsa chinthu cha mikombero n'kuchimangirira m'chiuno mwake. Ababa anaimirira, mapini n'kugwa kukamwa. "Ndi mono uja!" Nyumba yonse inafa ndi phwete, koma iwo anali atatuluka kale, ulendo wa kwa a Jafeti.

Aphunzitsi anawanong'oneza tsiku lina pakhonde kuti malinga ndi mabuku, mfumukazi ija inadulidwa mutu. Ababa anangofunsa kuti, "Nanga diresi lija anatani nalo?"

Anagulitsa njinga yawo, n'kupita ku Zomba kwa amwenye kukagula satini woyera ndi lesi. Anandiuza madzulo amenewo kuti, "Pa ukwati wako sudzavala chobwereka. Ndikusokera la mfumukazi." Ndinavomera, ndipo ndinene zoona, ndinakondwa. Miyezi iwiri anakana zigamba za anthu. Ankasamba m'manja katatu asanakhudze nsaluyo.

Mikombero ija anailuka a Jafeti. Anati nsungwi zatsopano zikauma zimathyoka, zabwino ndi zimene zagona m'madzi miyezi yambiri, zopindika osadandaula. Choncho anavuula mono wawo wabwino kwambiri, anaumasula, anapala nsungwizo ndi mpeni, n'kuluka mikombero inayi. Anazitsuka, inde. Koma ife a pa Kachulu fungo la nsomba sitilimva. Tinabadwira momwemo, lili m'mabulangete mwathu, lili m'tsitsi. Ababa sanalimve, a Jafeti sanalimve, ine sindinalimve.

Diresilo ndinaliyesa kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pakhomo la golosale ndinatuluka cham'mbali chifukwa sindikanakwana. Amayi a pathandala anasiya matemba n'kubwera akululutira, Mayi Fatuma ali patsogolo. Ndinadziona pagalasi la a Makisoni ndipo misozi inalengeza. Chiuno chija chinali changa, mapewa anga, palibe polendewera. Ababa anagwada pa fumbi akukonza mpendero, nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana.

Nthawi yomweyo galimoto ya matola inaima, n'kutsika Veronica, mchemwali wake wa Medson, amene anabwera kudzaona zokonzekera. Veronica ameneyo, Mulungu andikhululukire, sindinamukonde mpaka lero. Anayandikira akumwetulira, kenako anakwinya mphuno.

"Mlamu, pepanitu, m'katimo mwasungamo nsomba kodi?"

Dzuwa linali litatenthetsa nsungwi zija. Anakweza mpendero ndi zala ziwiri, anasuzumira, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. "Achimwene anga mkazi amuvuula ndi mono. Tikanena chiyani ku Zomba?" Amayi omwe aja ankalulutira anayamba kusekanso, poyamba mobisa, kenako poyera. Nanenso tsopano ndinalimva fungolo, la mlamba weniweni, likukwera kuchokera m'miyendo mwanga.

Ababa anati, "Musadandaule mayi, tizichapa ndi sopo wonunkhira, tiyanike. Apo ayi Jafeti aluka zatsopano, masiku alipo."

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo unandigwetsa. Manyazi anandikwera kumutu. Ndinawakalipira ababa pamaso pa anthu onse. Ndinati akufuna ndikhale choseketsa cha boma lonse la Zomba. Ndinati zinthu za m'filimu zizitsala m'filimu. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma ndinapitiriza: "Diresi ili simukusokera ine. Mukusokera amayi, ndipo amayi anamwalira kalekale."

Phwete lonse linatha. Ababa anachotsa mapini kukamwa, imodziimodzi, n'kuwabaya pa kolala ya malaya awo. Anati, "Chabwino mwananga. Uvule pang'onopang'ono, kumsanako kuli mapini, angakubaye."

Veronica anabweretsa diresi lobwereka kuchokera ku Zomba. Linali lalikulu m'mapewa. M'mawa wa ukwati ndinapita nalo kwa ababa, ndili chozolika, kuti alichepetse. Analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Chobwereka sitidula." Anandiimika, n'kulimanga ndi mapini kumsana. Ukwati unayenda bwino, anthu anadya, anavina. Mikombero ija a Jafeti anaitenga, anailukanso kukhala mono n'kuubweza m'madzi.

Ndinakakhala ku Zomba ndi Medson, tinabereka ana awiri. Kumudzi ndinkabwera pakapita miyezi itatu kapena inayi. Ndikangotsika galimoto, ababa ankati, "Taima pomwepo, tatembenuka ndikuone," ndipo ndinkatembenuka ndikuseka, poganiza kuti ndi chikondi chabe cha munthu wokalamba. Anabwerera ku zigamba zawo. Njinga sanagulenso. Vidiyo ya Yusufu inapsa, tepi ija inasowa. Za diresi sitinakambepo ngakhale kamodzi. Ulendo uliwonse ndinkakonzeka m'galimoto kuti lero ndipepesa, koma ndikafika pakhonde paja ndinkangoyamba kukamba za mvula ndi mitengo ya matemba.

Anamwalira mu Malichi 1993, atadwala chibayo sabata imodzi. Uthenga unandipeza mochedwa, msewu utaduka ndi madzi.

Maliro atatha, ine ndi a Jafeti tinatsegula bokosi lawo lachitsulo. Pansi penipeni panali diresi lija, lokulungidwa m'mapepala a simenti omwe aja a zojambula zawo, loyera ngati tsiku loyamba. Ndinalitembenuza kunsi, pakuti mwana wa telala amayamba waona misoko. M'chiuno munali mizere inayi ya timabowo ta singano, umodzi pafupi ndi unzake. Msoko unamasulidwa n'kusokedwanso, kumasulidwa n'kusokedwanso.

A Jafeti anati, "Ukangokwera galimoto kubwerera, achimwene ankalitulutsa. Ankati Malita wanenepa pang'ono, kapena Malita waonda, mwana akumuyamwa kwambiri. Ankati mwina tsiku lina adzalifuna, lisadzamukane."

Ndinalivala pomwepo. Mayi wa ana awiri, koma linandikwana ngati andiyeza dzulo. Popanda mikombero linangolendewera n'kumakwekwereza pansi. Ndinakhala pamphasa n'kulira kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda. Kenako ndinafunsa a Jafeti ngati mono uja ukadali m'madzi. Anati ulipo, ndipo ndi umene umagwira kuposa yonse.

Pa Khirisimasi chaka chomwecho ndinabwera kumudzi. A Jafeti anali atavuula monowo n'kulukanso mikombero inayi. Anandifunsa ngati aichape ndi sopo wonunkhira, ine ndinakana. Medson anati ndapenga, ndinamuuza kuti atsale ndi ana panja ngati akuchita manyazi. Pakhomo la tchalitchi ndinalowa cham'mbali, nyimbo yoyamba itayamba kale, fungo la mlamba likunditsogolera.

Mpingo wonse unatembenuka. Ena anaseka, sindikana. Mayi Fatuma, amene sanali wa mpingo wathu koma anandilondola kuchokera padoko, anali pawindo atagwira pakamwa. Ine sindinayang'ane aliyense wa iwo. Maso anga anali pa benchi lachitatu kumbali ya abambo, kumapeto, pamene ababa ankakhala Lamulungu lililonse. Ndinaima pakati pa kanjira n'kutembenuka pang'onopang'ono kamodzi, monga ankandiuzira. Pamalo pawo panali patakhala kale munthu wina.