Mdala wa Mabatire ku Twapia

Mdala wa nyumba yapakona kukomboni ya Twapia, yemwe kale anali wamagetsi kumgodi, sasutanso ndudu. Dokotala atamuopseza, anaboola tochi yakale, n'kulumikiza timawaya, n'kupanga kachipangizo kokokera nthunzi yonunkhira mango m'malo mwa ndudu. Akapuma kamodzi, nkhope yonse imasowa m'nthunzimo.

Mabatire a kachipangizoka ndiwo mabwana a m'nyumbamo. Amagona m'kabokosi ka magalasi a maso, magalasiwo n'kumagona pawindo. Sawaika m'thumba limodzi ndi makiyi, sawasiya padzuwa, ndipo akamawatchaja amakhala pompo, kumawakhudza ndi kuseri kwa dzanja. "Batire likatentha, osadikira," amauza aliyense, ngakhale wongofunsa njira.

Mwezi wathawu mkazi wake, amake Chiza, anadzuka akunjenjemera, koma n'kumaumirira zokagulitsa tomato kumsika wa Masala. Mdala anawakhudza pamphumi, n'kudumpha.

"Amake Chiza, mukanakhala batire bwenzi mutaphulika!"

Anawakweza minibasi mpaka kuchipatala. Anali malungo, aakulu ndithu.

Atachira, amake Chiza anauza anzawo kumsika: "Zaka 40 m'banja, bambowa anali asanandigwirepo pamphumi. Mabatire aja masiku ano ndimawapukuta ndekha."