Chinangwa cha Aphunzitsi a Manda

Ndikukumbukira sukulu yathu ya ku Kande, nyumba ya njerwa zosawotcha yofoleredwa ndi udzu, imene Lamlungu inkasanduka tchalitchi. Tinkakhala pa mitengo yopingasa, masileti pamiyendo. Sileti yanga inali yobenthuka pangodya, ndipo ndinkaipukuta ndi malovu aphunzitsi akayang'ana kumbali. Kulankhula sindinkatha. Munthu wamkulu akandifunsa kanthu, mawu ankathera pakhosi. Koma masamu ndinkawadziwa.

Chaka chimene tinamaliza Sitandade 3, aphunzitsi athu a Manda anatiuza kuti kusukulu yogonera konko ya ku mishoni kuli malo a mtsikana mmodzi yekha wochokera kwathu. Woposa anzake pa mayeso ndiye apita. Ena tonse sukulu ithera pomwepo. Amayi atamva, anayamba kundisokera diresi la buluu ndi nsalu imene abambo anatumiza kuchokera ku Halale, mayeso tisanalembe n'komwe.

Amene anatilembetsa anali a Longwe, oyendera masukulu. Anabwera pa njinga, thalauzi atalimanga ndi luzi m'akakolo. Tinalemba masiku awiri, pa pepala lenileni, ndi inki imene inandidetsa mpaka pachibwano. Tsiku lachitatu anatisonkhanitsa, makolo ataima m'mawindo. Anawerenga mayina kuyambira kumunsi. Atafika pamwamba anaima, navula magalasi.

“Pano pali awiri,” anatero. “Flora ndi Jesi. Malikisi awo ndi amodzi.”

Jesi ndinali ine. Flora anali mnzanga wokhala naye mtengo umodzi. Tinaimirira, iye akumwetulira.

A Longwe anafotokoza kuti ana akafanana amayamba ayang'ana masamu. Anayang'ana, tinali ofanana. Anayang'ana za m'Baibulo, chimodzimodzi. Anaika mapepala athu pambalimbali kuti aone wolemba mwaukhondo, koma onse awiri anali ndi madontho a inki, ndipo makolo m'mawindo anaseka. Kenaka anati, “Aphunzitsi, tandipatsani kaundula. Wojomba pang'ono ndiye wokonda sukulu.”

Kaundula linali buku limene ankaitanira mayina m'mawa tikatha mapemphero. Amene alipo ankamulembera kamzere, amene palibe kozungulira, kamene ife tinkakatcha dzira. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinkadziwa kuti ndinajomba masiku awiri okha, pa maliro a azakhali. Flora anali ndi mazira atatu a malungo. A Longwe anayendetsa chala pa mzere wanga, akuwerenga mokweza. Anapitirira awiri. Anapitirira asanu. Anakaima pa asanu ndi anayi.

Masiku asanu ndi awiri enawo ndinawazindikira. Anali masiku amene akazi a aphunzitsi ankabwera pakhomo pa sukulu mapemphero asanathe, n'kunena kuti, “Mundibwereke Jesi.” Ankandikonda chifukwa ndinkasenda chinangwa msanga ndipo sindinkalongolola. Ndinkapita nawo kumunda kukazula, kusenda, n'kukaviika padziwe kuseri kwa bango, kapena kukavuula chovunda kale n'kuchiyanika pathanthwe. Fungo lake linkakhala m'zikhadabo sabata yathunthu. Ine ndinkayesa ulemu waukulu kutumidwa ndi aphunzitsi. Sindinkadziwa kuti kumbuyo kuno ankandilembera dzira.

“Iwe mwana, masiku onsewa unali kuti?” anafunsa a Longwe.

Ndinayang'ana aphunzitsi, ndikudikira kuti anene okha. Iwo ankapukuta choko m'zala zawo, chala chimodzichimodzi.

“Aphunzitsi, mwanayu amajomba?”

“Nthawi zina,” anatero a Manda.

Ndinatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Munthu amene ankatiphunzitsa kuti usachite umboni wonama anali atanena zimenezo pamaso pa amayi anga. A Longwe analemba dzina la Flora, natseka buku. Flora ankadziwa kumene ndinkapita, koma nayenso anali mwana, ndipo malowo ankawafuna. Sindinamusungire chakukhosi.

Ine ndi amayi tinayenda mpaka pamtengo wa mango wa kwathu. Pamenepo anagwira dzanja langa, nalinunkhiza, nati, “Chinangwa chawo anadya okha.” Kukadandaula sanapite, popeza a Manda analinso mkulu wa mpingo, ndipo abambo anali kutali. Diresi la buluu lija ndinalivala tsiku la ubatizo wa mng'ono wanga.

Lero zinthu zasintha. Sukulu ija ili ndi malata, aphunzitsi ndi ena, ndipo atsikana opita ku mishoni achuluka. Ndimamva kuti ana akafanana amawapatsa mafunso ena kuti alembenso. Kaya ndi zoona, sindidziwa. Manyazi anga okha ndiwo sanasinthe. Kumsika wa ku Chintheche ndimagula osanenerera.

Mwana wanga woyamba, Eliza, wayamba sukulu chaka chino. Mwezi watha akazi a aphunzitsi atsopanowa anafika pakhomo panga m'mamawa, mwaulemu ndithu, nati, “NyaChirwa, mundibwereke Eliza lero, andithandize padziwe.”

Mawu anafika pakhosi paja pamene amathera. Ndinayang'ana pansi.

“Eliza akupita kusukulu,” ndinatero. “Mpeni uli kuti? Ndipita ndine.”