Chipewa Chobwereka cha a Chidendene

Bambo osoka nsapato pakhonde la sitolo ankatchedwa a Chidendene, chifukwa munthu ankamudziwira kumapazi. Tsiku lonse mapazi ankadutsa pamaso pawo ngati madzi a mumtsinje, ndipo tulo ta masana tikawaba, ankaona mayendedwe a mwana wawo wamkazi, amene anamuthamangitsa atatenga mimba. Akadzutsa mutu, ankangoona fumbi.

Kumene mwanayo ankakhala ankakudziwa. Akazi awo pomwalira anati akamutenge, abusa anabwereza zomwezo, iwo n'kuumitsa khosi. Kenako pemphero linayamba kuwaumira m'kamwa.

Atathedwa nzeru, anabwereka chipewa chachikulu n'kupita kwa mayi woitana mizimu, monga inachitira mfumu ija ya m'Malemba itaona kuti Mulungu sakuiyankha. M'chipindamo utsi wa lubani unali utalendewera, makatani akugwedezeka popanda mphepo.

"Ndikufuna kulankhula ndi malemu akazi anga," anatero mosintha mawu.

Mayiyo anayang'ana zala zawo zakuda ndi polishi n'kuseka. "A Chidendene, chipewacho chabisa dazi lokha. Malemuwo ali moyo anakuuzani chiyani?"

"Anati ndikatenge mwana."

"Ndiye mukuti kumandako asintha maganizo?"

Anatuluka atazolika. Mfumu ija nayonso inangokamva zimene inauzidwa kale. Mulungu anali atayankha, iwo ndiwo ankasaka yankho lofewa, mpaka kukadzichimwitsa pakhomo loletsedwa. M'mawa mwake obweretsa nsapato anapeza mpando wokha, eni ake atakwera basi yoyamba.