Waya Umene Ndinamangira Patapata

Ndikukumbukira chaka chimene ndinaima sukulu, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Sadzi, ndipo bambo anga ankayang'anira boti la bwana wina wa sitolo m'tauni. Botilo linkakhala pa damu la pamwamba pa phiri la Zomba, lomangidwa ndi unyolo ku chitsulo chozikidwa m'mphepete mwa madzi. Cholumikiza unyolo ndi boti chinali kachitsulo kopindika, kotsekedwa kukamwa ndi bawuti. Abambo ankakatcha shakolo.

Ine ankanditchula kuti amayi, poti ndinatenga dzina la mayi awo. Tikapita kumsika kukagula shakolo, ankadutsa onse onyezimira n'kutola wotuwa, wolemera m'manja.

"Amayi, musamatengeke ndi kuwala. Tengani wonenepa kuposa unyolo, ndipo muone ngati bawuti wake ali ndi kabowo kumutu."

Kabowoko kanali ka waya. Ukamanga bawuti ndi sipanala, unkapisa waya pamenepo, n'kuupotera ku shakolo. Ankati madzi amagwedeza boti tsiku lonse, ndipo bawuti wopanda waya amadzimasula yekha pang'onopang'ono, ngakhale utamanga bwanji.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho abambo anagona ndi chifuwa. Shakolo wa botilo anali atadyeka ndi dzimbiri, choncho ananditumiza ine kukasintha. Anandipatsa watsopano, sipanala ndi kachidutswa ka waya. Kunali chiperoni, nkhungu ili mbuu, miyala ya m'njira ikuzizira mpaka kuwawa. Ndili pakati pa chitunda, lamba wa patapata langa anaduka. Ndinayenda pang'ono ndi phazi lapansi, koma ndinalephera. Ndinakhala pamwala, n'kutulutsa waya uja, n'kumangira patapata.

Kudamu ndinasintha shakolo, ndinamanga bawuti ndi mphamvu zanga zonse mpaka zala kuchita dzanzi. Mumtima ndinati ameneyu sangamasuke. Nditafika kunyumba abambo anangofunsa kuti, "Mwamanga?" Ndinayankha kuti eya.

Patatha sabata ziwiri kunawomba mphepo yamphamvu, ndipo kunabwera uthenga wakuti boti lapezeka tsidya lina, litasweka pamiyala. Tinakwera limodzi ndi abambo, iwo akutsokomola njira yonse. Tinapeza bwana uja ali chilili, unyolo uli m'madzi wopanda kanthu kunsonga kwake. Anakalipa mpaka anthu otola nkhuni anaima n'kumaonerera. Abambo anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndine ndinaiwala waya, bwana." Ntchito inathera pomwepo. Potsika anandiuza kuti nditsogole, iwo ali pambuyo.

Kuyambira pamenepo ankasenza nkhuni kuchokera kuphiri kukagulitsa m'tauni, mpaka msana wawo unapindika. Ndinaima sukulu posowa ndalama, ndipo nkhani yoti ndidzabwererako sinatchulidwenso. Sanandimenye, sanandifunse, ndipo ine ndinakhala chete zaka zoposa makumi atatu.

Abambo anamwalira chaka chatha kunyumba kwanga ku Matawale. Kutatsala masiku ochepa, ndikuwamwetsa phala, ndinawauza zonse za waya uja. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Amayi, mukuyesa sindinauone? Tikutsika paja ndinkayang'ana mapazi anu. Komatu munaupota bwino, ngati mmene ndinakuphunzitsirani."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandikalipire. Iwo anati, "Amene anatuma mwana kuphiri pachiperoni ndi patapata lakutha ndi ndani?"

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti chimene ndinaphunzira n'chakuti bawuti amafunika waya. Zimenezo n'zoona, ndipo mpaka lero sindisiya ntchito ndisanaitsirize. Koma tsopano ndikudziwa kuti tinasenza mlandu umodzi anthu awiri, aliyense akubisira mnzake, tikudyera m'mbale imodzi. Ndikanayankhula tsiku lomwe lija, boti likanapulumuka, chifukwa waya wina unalipo pakhomo. Ndikanayankhula ngakhale litasweka kale, tikanapepuzana katunduyo iwo akadali ndi mphamvu. Ndinadikira mpaka phala likuwakanika kumeza.