Kachivindikiro ka M'chitini cha Mchere

A Mawotchi ankatha kudzutsa wotchi yoti eni ake anaitaya kale, koma poto ankamuzemba. Zaka makumi atatu anakhala pa kathebulo kawo pakhonde la sitolo, kagalasi kali padiso, kwinaku mayi a kunyumba akuphika. Mayiwo atamwalira, mwezi wonse wosala wa chaka chatha anzawo a kumzikiti ankasinthana kuwaitana madzulo. Mkuluyu ankadya n'kuthokoza, koma manyazi ankamudya nayenso.

Chaka chino mwana wawo wamkazi anabwera atagamula kale. "Bambo, mukakhala kwathu. Munthu wosatha kukazinga ngakhale dzira sangakhale yekha."

Kusamuka kunali kusiya kathebulo kaja, ndiponso nyumba imene anakalambiramo ndi mkazi wawo. "Ubwere Lachisanu," anatero a Mawotchi. "Ndiitana atelala ndi ometa adzamasulire kusala kuno. Ndiphika ndekha. Zikakanika, ndilongedza."

Lachisanu anatseka ntchito masana. Anyezi anamudula mofanana ngati wina adzabwera kudzamuyeza. Mpunga anauwerengera mphindi, wotchi itatsamira botolo la mafuta. Nyama inafewa bwinobwino. Nkhani inavuta pa mchere, poti munthu wosala salawa. Ashehe ananenapo kuti kukhudza ndi nsonga ya lilime n'kulavula sikuwononga kusala, koma a Mawotchi ankaudziwa mmero wawo kuti pa msuzi wa nyama si wokhulupirika. Kuitana aneba kuti alawe kukanakhala kubera pangano, ndipo iwo si munthu wobera.

Atapisa supuni m'chitini cha mchere, inagunda kanthu. Kanali kachivindikiro kofiira ka botolo, m'kati mwake mutakandidwa mzere ndi mpeni. Apa m'pamene zinawalowa m'mutu kuti mkazi wawo nayenso ankasala. Zaka zonsezo ankaphika osalawa, iwo n'kumangoti ali ndi dzanja labwino. Koma ankathira kangati? Khutu lozolowera mawotchi linakumbuka: ali pabalaza, ankamva kugogoda pa mlomo wa poto, ko, kenako ko. Anathira kawiri, n'kugogoda momwemo. Chisoni chinawagwira mpaka misozi, ndipo anyezi woti amunamizire anali atapsa kale.

Mwana uja anafika ndi dengu la chakudya lomanga pansalu, n'kulibisa kuseri kwa chitseko, akuyesa kuti bambo ake sanaone. Atelala ndi ometa anakhala pamkeka, maso ali pa wotchi yapakhoma. Kuitana kwa kumzikiti kutamveka, anamwa madzi, anapemphera, kenako mbale zinabwera.

Ometa anatafuna, n'kusuzumira kukhitchini. "Achimwene, tiuzeni zoona. Mwabisa ndani uko?"

"Idyani, malumo anu akukudikirani," anayankha a Mawotchi.

Mwanayo analawa msuzi, supuni n'kuima m'malere. "Bambo, mchere uwu ndi wa amayi."

A Mawotchi anatulutsa kachivindikiro m'thumba la malaya n'kukaika pakati pa mbale. Onse anadya mpaka kukokota poto, atelala akudandaula kuti lamba wawapanikiza.

Potsanzika, mwanayo ananyamula dengu lake lili chimangire. Za kulongedza sanazitchule. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mumathira kangati?"

"Kawiri. Ukafuna kuphunzira uzibwera, chifukwa kachivindikiroka sikachoka m'nyumba muno. Inenso sindichoka."